Sefa ya Alamu Anga

Amuna ake a mng'ono wanga anthu amawatchula kuti a Injiniya. Sukulu ya uinjiniya sanaiponde, ndipo mutawapatsa cholembera kuti alembe liwulo, ndikukayika ngati angafike nalo kumapeto. Dzinali linawakanirira chifukwa palibe chinthu chimene chinawonongeka pamaso pawo iwo n'kuchisiya. Chifukwa china sitinkachinena mokweza. Amuna onse a mumzere wa nyumba zathu timawaitana ndi maina a ana awo, koma alamu angawa analibe mwana woti tiwaitanire.

Tonse atatu tinkagwira ntchito malo amodzi, pachigayo cha pulasitiki chimene chili kumunsi kwa msika, m'mphepete mwa khwawa. Anthu otola zinthu amabwera ndi matumba a mabotolo, mabeseni osweka, zigubu za mafuta, mipando yothyoka miyendo ndi mabokosi akuda a mabatire a galimoto. Ine ndi mng'ono wanga, pamodzi ndi amayi ena, ntchito yathu inali kusankha: zoyera pazokha, zakuda pazokha, zitsekerero m'thumba lakelake. Alamu ndi amene amayendetsa makina. Pulasitiki ikalowa m'makinawo imatuluka ili tizidutswa ting'onoting'ono, ndipo ife pachigayopo timati mpunga. Mpungawo amautsuka m'thanki ya simenti, n'kuuyanika, n'kuulonga m'matumba kuti lole idzatenge. Madzi otsukira amatsata ngalande n'kukathira m'khwawa, atanyamula mpunga wopulumuka ndi fumbi lake. Pamene khwawa lakhota, pansi ponse ndi mpunga wokhawokha, wobiriwira, wofiira, wakuda, moti mlendo amayamba waima n'kunena kuti kukongola.

Khwawalo likamafika kwa ife limakhala litatopa kale. Kumtunda kuli anthu oswa mabatire, amene amakhuthulira madzi a asidi pansi n'kumasungunula mtovu m'miphika. Kupitirira apo kuli makola a nkhuku zoyera, zija zimamwa mankhwala kuposa munthu wogonekedwa m'chipatala, ndipo otsuka makolawo amakankhira zonse m'khwawa lomweli. Mpopi wa madzi pamzere wathu ulipo, koma masiku ambiri umatulutsa mphepo. Ndiye timadalira chitsime chimene eni nyumba anakumba chapafupi ndi khwawa. Madzi ake amaoneka ngati tiyi wothira mkaka mouma manja.

Alamu anakulira pagalaja ya amalume awo, akutsuka mabawuti m'petulo. Mng'ono wanga anawapeza chifukwa cha ambulera. Inathyoka nthiti pamsika, iwo anaipempha, mawa lake n'kubwera nayo ikutseguka bwino kuposa yatsopano, n'kufunsa ngati kunyumba kuli chinanso chowonongeka. Ine ndinamufunsa mng'ono wangayo kuti, "Kodi munthuyu akufuna iwe, kapena akufuna zinthu zako zakufa?" Anakwatiranabe. M'nyumba mwawo wailesi imayatsidwa ndi chopanira zovala, ndipo chitseko chimadzitseka chokha chifukwa cha botolo la mchenga lolendewera pachingwe. Si munthu wolankhulalankhula. Mukamawauza nkhani amapendeketsa mutu n'kumamvetsera bwinobwino, koma nzeru ikangowabwerera maso amachoka, ndipo zimene mukunena kuyambira pamenepo mukuuza khoma.

Mng'ono wanga anapita padera kangapo. Ine sindiwerenga, amawerenga ndi iyeyo. Mimba inkafika pongoyamba kuoneka, kenako magazi, kenako ulendo wa kuchipatala, kenako kubwerako ndi kachikwama komwe kaja. Abale a mwamuna ankabwera ndi mawu awo, ine n'kumawabwezera momwemo, mpaka anasiya kufika akamva kuti ndilipo. Alamu mawa lake ankaphwasula wailesi yabwinobwino n'kuimanganso.

Chaka chatha, mvula itangosiya, mng'ono wanga anaimanso. M'masabata omwewo kunabwera mayi wina wa kusukulu ya ukachenjede, atavala magambutsi ndi magolovesi, n'kumatunga madzi ndi matope pokhota khwawa paja. Ankathira m'timabotolo n'kumaika m'bokosi loziziritsa, ndiye tinamutcha mayi wa mabotolo. Tsikulo magetsi anali atazima, makina ali zii, tonse titakhala pamthunzi wa shedi. Atayandikira kudzatipatsa moni, ine pakamwa panga posakhala chete ndinamufunsa ngati wapezamo golide.

Anaseka n'kutionetsa mpunga m'kabotolo. "Ndikuyeza tizidutswa iti, amayi. Pulasitiki ikakhalitsa m'madzi imakhakhala, imachita timing'alu tosaoneka ndi maso. Ndiye zoipa zimene zili m'madzimo, mtovu wa mabatire, mankhwala a nkhuku aja, tizilombo toyambitsa matenda, zimamatirira pamenepo. Imakoka ngati maginito."

Alamu anali atagona chagada pamatumba. Anadzuka.

"Imakoka kuchokera m'madzi?"

"Eya, bambo."

"Yatsopano kapena yakale?"

"Yakale ndi imene imagwira kwambiri. Ija yapsa ndi dzuwa, yakhulika ndi mchenga."

Nthawi yomweyo magetsi anayaka. Pachigayo magetsi akayaka palibe kumaliza nkhani, bwana amakuwa, aliyense n'kuthamangira pamalo pake. Alamu analiza makina. Mayi wa mabotolo anapitiriza kulankhula, koma m'phokoso limenelo ngakhale munthu akutukwane umangomwetulira. Ndinangoona milomo ikuyenda, iye akuloza kabotolo kenako n'kuloza pamimba pake. Ndinayesa akudandaula njala, ndinamupatsa nthochi.

Lamlungu lotsatira ndinawaona alamu ali m'khwawa ndi beseni lobowola pansi, akukokola mpunga pokhota paja. Sankatenga uliwonse. Ankasankha wakalewakale, wosuluka mtundu, wokhakhala m'manja. Anautsuka ndi sopo, n'kuutsukuluza, n'kuuyanika palata mpaka unaoneka ngati wa m'sitolo. Anatenga ndowa ziwiri n'kuzisanjika. Yapamwamba anaibowola pansi ndi msomali wamoto, n'kuyalamo chidutswa cha neti ya udzudzu, n'kudzazamo mpunga uja. Yapansi anaiika kampopi. Atathira madzi a pachitsime pamwamba, tinaima mozungulira n'kumadikira.

Madzi anatuluka ali mbee.

"Mayi uja wanena yekha," anatero alamu. "Pulasitiki yakale imakoka chiphe m'madzi. Ndiye ikakoka, m'madzimo mutsala chiyani?"

Palibe amene anawatsutsa. Ukanatsutsa bwanji, pamwamba pakulowa tiyi, pansi pakutuluka madzi oti n'kudziyang'anira nkhope? Ngakhale ine, amene ndimatsutsa ndi wailesi yomwe, ndinamwa kapu yonse n'kunena kuti, "Alamu, lero lokha dzina lija lakuyenerani."

Sefayo inali ya mkazi wawo basi. Enafe ankatilawitsa, koma sankalola kuti munthu abwere ndi chigubu, chifukwa inkadontha pang'onopang'ono. Iwo eni ankamwa a pachitsime omwe aja kuti oyerawo asathe. Anamuletsa mkazi wawo kubwera kuchigayo. M'mawa uliwonse asanapite kuntchito ankamutungira kapu yaikulu n'kumuimirira mpaka atamaliza. Lamlungu lililonse ankatsikira kukhwawa kukatenga mpunga wina, akuti wakalewo mphamvu imatha. Nthawi zina pansi pa kapu pankatsala tifumbi tobiriwira. Mng'ono wanga ankati ndiwo mankhwala akewo, n'kuzunguza kapu n'kumeza.

Mimba inadutsa pamene zinzake zinkathera. Inaoneka, inakula, mpaka madiresi anayamba kukana. Mng'ono wanga anayamba kuseka kwa kale kuja, kopindika nako msana, kumene ndinali nditakuiwala. Tsiku lina anandigwira dzanja n'kuliika pamimba pake kuti ndimve kugunda.

"Achemwali, ameneyu ndi wa mpira."

"Kapena akufuna sipanala ngati bambo ake."

Alamu anayamba kuimba mluzu. Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti amatha, ndipo kunena zoona samatha.

Mayi wa mabotolo anabweranso nyengo yotentha, kudzauza bwana wathu zimene anapeza m'madzi. Alamu anamudikirira pageti, atatsuka m'manja, n'kumupempha kuti akaone kanthu kena kunyumba. Ine ndinatsatira kuti ndikamve nawo akuwayamikira. Mng'ono wanga anali atapita kusikelo m'mawa umenewo.

Mayiyo anavundukula ndowa yapamwamba. Anayang'anamo, n'kuvala golovesi, n'kutapa mpunga pang'ono.

"Mwautenga kuti umenewu?"

"Pokhota paja. Wakalewakale, monga munanenera."

Mayiyo anakhala pampando osapatsidwa.

"Akumwa ndani madziwa?"

"Mayi a kunyumba kuno. Ndi oyembekezera."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira sabata imene munabwera ija."

Anavula golovesi pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Kenako analankhula motsitsa mawu. "Bambo, pulasitiki iyi inakhuta kale. Zimene inakoka m'khwawa muja zikadali pomwepo, sopo sachotsa zonse. Mukathira madzi, matope amatsala, ndi zoona, koma zina zimene inanyamula zimasukuluka n'kulowa m'madzimo. Fumbi lakelo munthu akameza, limakatula katundu wake m'mimba. Ndi zimene ndinkanena tsiku lija. Komanso tizilombo tokhala pamenepa takulira m'mankhwala a nkhuku, tinawazolowera. Tikadwalitsa munthu, jakisoni amavuta kugwira."

Ananenanso zina. Anati sangadziwe kuti zalowa m'thupi zochuluka bwanji, kuti madzi a pachitsimewo paokha ndi oipa kale, kuti fumbi la kuchigayo ndi utsi wa oswa mabatire tonse timapuma, kuti mayiyo akayezetse magazi. Ine ndinazimva. Alamu maso anali atachoka kale. Ankayang'ana kampopi ka sefa, kamene kankadontha, ndipo anawerama n'kukamanga.

Mayi wa mabotolo atapita, tinatsala awiri m'nyumbamo. Ndinkayembekeza kuti ndikalipa, chifukwa ndiyo ntchito imene ndimaidziwa, koma anayamba ndi iwo kulankhula.

"Alamu," anatero iwo, "musamuuze."

"Mpaka liti?"

"Achire kaye."

Ndinavomera. Munthu amene wapita padera kangapo sumuuza zotere mimba ili pamenepo. Alamu anakhuthulira mpunga m'thumba, n'kuzula kampopi, n'kusiya ndowa zili pululu pakona. Mng'ono wanga atabwera kusikelo, ali ndi ludzu la dzuwa lonse lija, anapita molunjika kundowa.

"Kodi sefa yatani?"

"Yawonongeka."

"Ndiye konzanitu."

"Siyokonzeka."

Mng'ono wanga anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala. Chikwatiranireni anali asanamvepo mawu amenewo kuchokera pakamwa pawo. Ataona kuti sakuseka nawo, anayang'ana ine, ine n'kuyang'ana botolo la mchenga la pachitseko.

Kuyambira tsiku limenelo alamu ankapalasa njinga kukatunga madzi pampopi wina kutsidya kwa msewu waukulu, n'kudzawawiritsa. Mng'ono wanga ankati madziwo akununkha mphika. Ankawakumbutsa za sefa tsiku ndi tsiku, iwo n'kumati aiona. Zoyezetsa magazi ndinakafunsa ndekha kusikelo, anati makina oyezera mtovu alibe. Mluzu unatha.

Matenda anamuyamba mng'ono wanga miyezi isanakwane. Anachira mwana wamwamuna, wamng'ono ngati botolo la mafuta ophikira, ndipo mwanayo analira. Ndinali pakhomo la chipinda, ndinamva ndi makutu anga kamawu konga ka mwana wa mphaka. Anamuika m'kabokosi ka galasi, pansi pa getsi, timapaipi tili m'mphuno. Mayi wake ankakama mkaka m'kapu, anamwino n'kumamwetsa ndi kapaipi. Alamu ankaima pawindo n'kumayang'ana, manja ali kumbuyo ngati munthu amene waletsedwa kugwira katundu m'sitolo.

Patapita masiku, mwanayo anatentha thupi. Anamubaya jakisoni, sizinasinthe. Anasintha jakisoni, sizinasinthe. Namwino wamkulu anatiitanira pakhonde ine ndi alamu n'kutiuza kuti m'magazi mwa mwanayo muli tizilombo tosamva mankhwala, ndipo atsala ndi mtundu umodzi woti ayese.

"Tizilomboto tachokera kuti?" anafunsa alamu.

"Tili paliponse, bambo. M'madzi, m'manja, ngakhale m'chipatala momwe muno."

Alamu anagwedeza mutu. Pakhondepo panali machira okankha odwala, gudumu limodzi litapotoka. Analiyang'ana nthawi yaitali, osaligwira.

Mwanayo anamwalira masana, nthawi yoona odwala, anthu ali pikitipikiti ndi madengu a zakudya. Ndikanakonda kunena kuti ndinalira. Sindinalire. Ndinapinda nsalu, ndinatsuka kapu yokamira mkaka, ndinabweza supuni kwa mayi wa bedi loyandikana nalo. Thupi langa lonse linali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali, woti munthu atautsina sungamve. Tinamuika mawa lake, ndipo alamu anapita kuntchito tsiku lotsatira chifukwa magetsi anali atayaka.

Mng'ono wanga nayenso sanalire kwenikweni. Ankakhala pakhonde, nsalu atamanga pachifuwa chifukwa cha mkaka, n'kumayang'ana anthu odutsa. Ukamupatsa chakudya ankadya, ukamuiwala sankapempha. Tsiku lina ndikumupesa tsitsi analankhula osatembenuka.

"Achemwali, uyu yekha ndi amene analira."

"Eya."

"Ndi madzi aja. Sefa ija ikanapanda kuwonongeka, akanakwanitsa miyezi yake."

Sanalankhule mokwiya. Anazinena ngati munthu amene akukuuza kuti kunja kuli mitambo. Alamu anali pomwepo, akupopa njinga. Anapitiriza kupopa mpaka ndinaopa kuti chubu chiphulika.

Kuchigayo ndinawapeza ali okha kuseri kwa thanki. "Alamu, muuzeni. Mukapanda kutero ndimuuza ndine, ndipo mukudziwa kuti ine sindidziwa kukometsa mawu."

"Mawa," anatero.

Mawa lawolo linatha masabata. Inenso, ndi pakamwa panga ponsepa, ndinkafika pakhomo pawo nditakonzeka, n'kukathera kufunsa ngati ali ndi mchere.

Lamlungu lina m'mawa ndikuyanika zovala, ndinaona munthu pokhota khwawa paja, atawerama, madzi ali m'maondo. Ndinazindikira nsalu. Ndinagogoda kwa alamu, ndipo tinatsetsereka limodzi.

Mng'ono wanga anali ndi beseni lobowola lija. Linali litatsala pang'ono kudzaza, ndipo anali atasankha bwino, wosuluka wokhawokha.

"Iwe, tuluka m'madzimo," ndinatero. "Sunachire n'komwe."

Sanandiyang'ane. Anayang'ana amuna ake. "Inu mwatopa, ndaona. Ndikonza ndekha, ndinkaona mmene munkachitira. Mungondipatsa kampopi kaja. Ulendo uno ndiyambiretu kumwa ndisanaime."

Alamu analowa m'madzi ndi nsapato zomwe. Anaima pafupi naye, ndipo anamuuza. Sindinawamvepo akulankhula mawu ambiri chotero. Anamuuza za tsiku limene mayi wa mabotolo anabwera iye ali kusikelo, za mtovu, za mankhwala a nkhuku, za tifumbi ta pansi pa kapu. Anamuuza kuti sefa sinawonongeke. Mawu awo sankakwera kapena kutsika, ngati akufotokozera bwana chimene chavuta m'makina.

Ine ndinalowa nawo m'madzimo. "Koma mayi uja anati sizingadziwike," ndinatero. "Anati mwina ndi chitsime, mwina ndi utsi. Namwino naye anati tizilomboto tili paliponse." Ndinkanena zoona, koma palibe amene anatembenuka.

Mng'ono wanga anafunsa, beseni ali nalo m'manja.

"Madzi onse aja?"

"Onse aja."

"Munkandiimirira mpaka nditamaliza kapu."

"Eya."

"Inu osamwako."

"Eya."

"Koma anali oyera."

"Anali oyera."

Ndinkadikira kuti akuwe, kapena awamenye ndi besenilo, kapena agwe kuti timugwire. Sanachite chilichonse mwa zimenezo. Anayang'ana mpunga wa m'beseni, umene unali utatha kudontha madzi. Anayang'ana kumtunda kwa khwawa, anayang'ana kumunsi, anayang'ana kumzere wa nyumba zathu kumene ana a eni ake ankatunga madzi pachitsime.

"Nanga uwu nditaye kuti?"

Tinaima atatu m'madzimo, beseni likadali m'manja mwake.